Si Agogo Ankayankhula, Ndinali Ine Ndemwe

Mwadzuka bwanji nonse, odwala anzanga ndi inu amene mwatiperekeza. Anesi andipempha kuti, poti adokotala sanafike ndipo mzere sunayambe kuyenda, ndiyankhulepo pang'ono. Ndavomera msanga, chifukwa pa benchi yomweyi ndinakhalapo ine nditazolika, nditadziphimba chitenje kumutu kuti wodutsa panjirapo asandizindikire. Ndaona ena mwakhala choncho lero. Musaope, sindilozera munthu chala.

Dzina langa ndine Felesiya. Kwathu ndi cha ku Milepa uko, koma ndimakhala pa Njuli, pomwe ndimagulitsa matimati, anyezi ndi masamba m'mbali mwa msewu. Ndili pabanja, ana ndili nawo awiri, Tadala ndi Yamikani. Ndimadwala nthenda ya maganizo, ija imamukweza munthu m'mwamba kenako n'kumumenyetsa pansi. Kumudzi saitchula motalika choncho ayi, amangoti misala. Ndakhala nayo zaka zoposa khumi, ndipo mankhwala ndikumwa mpaka lero.

Kuti mumve bwino nkhani yanga, ndiyambire pa chiyankhulo. Ife ndife Alomwe. Makolo athu anachokera ku Mozambiki wapansi kalekale, kuthawa nkhanza za kumeneko. Ndili wamng'ono mayi anga ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Limbe. Anatenga achimwene anga a Bonifasi kukakhala nawo, ine n'kundisiya kumudzi ndi agogo anga akazi. Agogowo Chinyanja ankachimva, koma pakhomo ankayankhula Chilomwe chokhachokha. Ndiye ine kupempha chakudya, kulira, kunenera anzanga, zonsezo ndinaziphunzira m'Chilomwe. Agogo anamwalira nditangoyamba sukulu. Tsiku lina m'kalasi ndinawayankha aphunzitsi m'Chilomwe mosazindikira, kalasi yonse n'kufa nako kuseka. Poweruka anzanga ankandiimba njira yonse kuti, "Nguru, Nguru, wadya njoka!" Chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa oimbawo analinso Alomwe ngati ine ndemwe. Mayi anga atabwera kumudzi ndinawauza, iwo anangoti, "Zisiye zimenezo mwanawe, sizidzakudyetsa." Ndinazisiyadi. Pofika utsikana, m'kamwa mwanga munalibe ndi liwu limodzi lomwe la Chilomwe.

Amuna anga, bambo a Tadala, ndi Angoni a ku Ntcheu. Anabwera kudzaphwanya miyala pa Njuli, tinaonana ku kwaya. Iwo mtundu wanga ankaudziwa ndipo analibe nazo kanthu. Koma atapita nane kwawo kukandionetsa, apongozi anga aNandau anandifunsa kuti, "Nanga inu mtundu wanu ndi uti?" Ine msangamsanga ndinati, "Ndife Anyanja." Amuna anga anangondiyang'ana. Zinathera pomwepo.

Nthenda inandipeza Yamikani ali wakhanda. Tulo tinandithawa, koma kutopa ayi. Ndinkamva mphamvu ngati ndingathe kunyamula minibasi. Ndinkasesa bwalo lathu, la aneba, mpaka la kutchalitchi. Ndinapikula matimati mulu wosaneneka n'kuyamba kugawira aliyense wodutsa, ati ine ndasankhidwa kuti ndidyetse Chiradzulu yense. Ndinkaimba pa siteji, kulalikira anyamata a kabaza, kutukwana aliyense wondiletsa. Anthu ankaseka. Kenako zonse zinangozima ngati nyali yothera mafuta. Miyezi ingapo ndinkangogona pamphasa, osasamba, mwana akulira pambali panga ine mumtima muli zii. Mnzanga wina anandiuza kuti kachasu pang'ono amabweretsa tulo. Anabweretsadi. Koma pang'ono paja panasanduka botolo, ndipo ine, mayi wa kwaya, ndinayamba kubisa botolo pansi pa anyezi m'dengu. Geni inagwa. Zitenje zanga zabwino ndi mbale za pa ukwati zinathera kwa mayi wotcheza kachasu.

Chaka chotsatira nthenda inakweranso, ndipo ulendo uno inabwera ndi chachilendo. M'mawa wina ndinadzuka ndikuyankhula Chilomwe. Osati liwu limodzi kapena awiri, koma chimvula cha mawu, osapuma. Amuna anga ankati, "Felesiya, ukuti chiyani? Yankhula zoti ndimve!" Ine ndemwe ndinkangomva pakamwa panga pakuthamanga, ndipo mawuwo ankamveka ngati a agogo anga aja. Ndinkathamangira kumsewu, komwe mukudziwa malole amiyala mmene amadutsira. Amuna anga anatenga chingwe cha mbuzi n'kundimangirira ku mzati wa khonde. Ankamanga akulira. Sindiwasungira chakukhosi, sankadziwa chochita.

Anaitana abale a mbali zonse ziwiri. Mayi anga anali atamwalira kale, ndiye kwathu kunabwera achimwene a Bonifasi, eni mbumba. Ku Ntcheu kunabwera apongozi. Achimwene Chilomwe sachimva, poti anakulira m'tauni, koma atangomva mmene ndinkayankhulira anavula chipewa.

"Awa ndi agogo awa," anatero. "Akudandaula kuti tinawaiwala. Pakufunika nantongwe, timuimbire ng'oma mzimu unene chimene ukufuna."

Apongozi anaimirira. "Mukuti chiyani? Kodi mwana wanga anakwatira Mnguru? Anandinamiza mtsikana ameneyu! Izi ndi ziwanda za kwawo, n'zofunika mneneri. Ndipo adzukulu anga sagona m'nyumba muno."

"Ana ndi akuchikazi, mayi," anatero achimwene. "Kuno ndi kwathu, simungawatenge."

"Kwathu ana ndi a bambo. Mukawasunga ndi ndani, ndi uyu?"

Anakangana tsiku lonse ine ndili pomwepo pamzati, akundiloza ngati thumba la chimanga. Uyu mtundu wathu, uyu mtundu wathu. Pa khamu lonse linasonkhana paja, mwina panali okalamba amene akanatha kumva zimene ndinkanena. Koma munthu akangotchedwa wamisala, mawu ake samvedwanso, anthu amangomva phokoso. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa kuti, kodi akuti chiyani? Dzuwa likupendeka, ndinaona apongozi akupita kusiteji, Yamikani kumsana, Tadala akumukoka padzanja, iye akucheukira kwa ine.

Achimwene atapita kumudzi kukafuna oimba ng'oma, amuna anga anamvera mayi awo n'kupita nane kwa mneneri wina kuphiri. Kumeneko anati ndisale kudya ndi kumwa mpaka chiwanda chituluke. Ankandizungulira akukuwa kuti, "Dzina lako ndani? Tuluka!" Ine n'kumatchula dzina la agogo, chifukwa ndinali nditakhulupirira. Apa mpamene ndinafika pansi penipeni, abale anga. Kachasu sanandifikitse pamenepo, chingwe sichinandifikitse pamenepo. Chinandifikitsa ndi kukhulupirira kuti Felesiya anatha, chatsala ndi thupi lokha limene munthu wakufa akukhalamo. Ndinathawako. Mmene ndinayendera sindikudziwa. Anakandipeza pa msika wina, mapazi akutuluka magazi, nditaswa galasi la sitolo ya munthu. Apolisi ndi amene ananditengera kuchipatala cha boma, ndipo kumeneko ananditumiza ku chipatala chachikulu chija cha ku Zomba, chimene tonsefe timaopa kuchitchula.

Ndikuuzeni, chipatala chimene ndinkachiopa chija ndi kumene ndinakagona tulo tenitweni koyamba. Anandibaya jakisoni, anandisambitsa, anandimanga mabala a kumapazi. Patapita masabata, moto wa m'mutu unazirala. Koma ndinatseka pakamwa. Anesi akandifunsa kanthu ndinkangogwedeza mutu. Amuna anga akabwera kudzandiona ndinkayang'ana kukhoma. Iwo ankayesa ndawakwiyira, chonsecho ine ndinkaopa kuti ndikangotsegula pakamwa atuluka ndi agogo. Ndipo sindibisa, masiku amenewo ndinkalakalaka kufa. Ndinkati ana apita, dzina langa laipa, mwini thupi ndi wina, ndiye ndikukhaliranji?

M'wodi mwathu munali mayi wina, a Rozina. Anali wodwala mnzathu, wamkulu kwa ine, wojintcha, wa mpata kumano, woseka mokweza mpaka anesi kumuletsa. M'mawa wina wa nyengo yozizira tinatuluka kukaothera dzuwa pakhonde. Ine ndinakhala pandekha kumapeto. A Rozina anabwera ndi chipeso chothoka mano, n'kukhala kumbuyo kwanga osapempha, n'kuyamba kundimasula tsitsi, lomwe linali litapotana ngati chisa cha mbalame. Kenako anandipatsa moni wa m'mawa m'Chilomwe.

Sindinayankhe.

"Ukumva iwe, usanamizire," anatero m'Chinyanja. "Tsiku unabwera lija unatisowetsa mtendere wodi yonse ndi Chilomwe chako."

Anapitiriza kupesa. Ankakoka mopweteka, koma manja awo anali ofunda. Sindikudziwa chinandimasula n'chiyani. Ndinangomva ndikunong'ona kuti, "Si ine. Ndi agogo."

"Agogo ati?"

"Anamwalira. Ali mwa ine."

"Oo. Anamwalira ali otani?"

"Okalamba. Mano onse atatha."

Chipeso chinaima. Kenako mayi aja anaphulika kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola, mpaka kundigwira paphewa kuti asagwe. Ine mtima unandipweteka, ndinati ngakhale wodwala mnzanga akundiseka.

"Pepa mwanawe, sindikuseka iwe," anatero akupukuta misozi. "Koma nkhalamba imeneyo inapita kumanda kukaiwala chiyankhulo chake? Chilomwe unkakuwa chija ndi cha mwana wongophunzira kumene kuyankhula. Mawu oduladula, lilime lolemera. Ukudziwa zimene unkanena?"

Ndinapukusa mutu.

"Unkati, ndibelekeni, ndatopa. Unkati, musandisiye ndekha. Unkati, mbuzi yandidyera mbatata yanga. Amenewo unkawabwereza kwambiri, uku ukulira. Ndiye madzi ife timati maahi. Iwe unkalephera kutchula, unkangoti maai, maai. Ndine ndinawauza anesi kuti mupatseni madzi uyo."

Abale anga, pamenepo dziko linaima. Kuphiri kuja, ndikamakuwa mawu amenewo, anthu a mneneri ankati, "Mwamva? Akuitana mayi ake akufa." Ankawonjezera kukuwa. Pamene ine ndinali ndi ludzu basi. Ndinkapempha madzi akumwa.

Ndipo mbuzi ija ndinaikumbukira. Inali yofiira, ya nyanga imodzi yothoka. Ndinali nditakhala pakhomo pa agogo, mbatata yootcha ili m'manja ndikuiuzira kuti izizire, mbuzi n'kubwera chakumbuyo n'kuitsomphola. Ndinalira tsiku limenelo ngati kwagwa maliro. Agogo sanadyeredwe mbatata. Anadyeredwa ndine. Zaka zonsezo nkhani imeneyi sindinaiganizepo, koma inalipo, ili phee, pamodzi ndi mawu ake.

"Nkhalamba sipempha kubelekedwa," anatero a Rozina, atayambanso kupesa. "Ndiwe wemwe. Unachita mantha, ndiye unalira m'chiyankhulo chimene unayamba kulirira. Chachilendo n'chiyani pamenepo?"

Ndinalira. Koma kulira kwake kunali kwina, osati kuja kwa pamphasa. Ndinalira ngati munthu amene wauzidwa kuti nyumba imene ankayesa yalandidwa ikadali yake. Iwo sanandiletse. Anangopitiriza kuluka, mzere umodzi, wina, wina.

Nditatonthola ndinawafunsa kuti, "Nanga inu chinakubweretsani kuno n'chiyani?"

Anandiuza kuti kwawo kwenikweni ndi kutsidya kwa malire, cha ku Milanje. Anawoloka ali kamtsikana nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, atasiya bambo awo ndi alongo awo awiri panjira osawaika m'manda. Zimene anaona sanandiuze zonse, ine sindinafunsenso. "Nkhondo inatha kalekale," anatero, "koma mutu wangawu palibe anauuza. Njinga yamoto ikangophulitsa utsi, ine ndili kale pansi pa bedi. Kuno amanditi wa ku Mozambiki, ndikapita uko amanditi Mmalawi. Ndinasiya kuwayankha. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndine wodwala, iwenso ndiwe wodwala. Si tchimo, si mlandu. Imwa mankhwala, ukatenge ana ako."

Tsiku lotsatira adokotala akuyendera wodi, ndinawapatsa moni ndine. Anachita kutembenuka kawiri. Ndinawafotokozera zonse, za kusowa tulo, za kachasu, za kufuna kufa, za Chilomwe. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Anati nthenda imeneyi ikakwera, ubongo umatsegula nkhokwe zonse, ndi zakalekale zomwe, ndipo si ine woyamba kubwerera ku chiyankhulo cha ubwana. Anandiuza dzina la nthenda yanga, nati siichoka ngati malungo, koma imagonja munthu akaisamala.

Mundimvetse bwino apa. Sindikunyoza miyambo ya makolo, ndipo sindikunyoza pemphero. Ine mpaka lero ndimaimba kwaya, ku mphakati sindijomba. Ndikunena zimene zinandichitikira ine. Ng'oma kaya zikanatani, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinayamba kuchira tsiku limene munthu wina anamvetsera mawu anga.

Tsono kubwerera sikunali kwa tsiku limodzi. Mankhwala oyamba ankandilemeretsa thupi, manja kunjenjemera, malovu kudzaza m'kamwa. Ndinkachita manyazi kupereka chenji kwa kasitomala. Ndinatsala pang'ono kuwataya m'chimbudzi, koma ndinabwera pano n'kuwauza adokotala, anandisinthira. Ndiye inu amene mankhwala akukuvutani, musangosiya mwakachetechete. Nenani. Alipo ena.

Ine kusiya ndinasiyapo kamodzi, ndisanamize. Patatha chaka ndikupeza bwino, ndinati ndachira, Mulungu wandiyankha, mapilisi n'ngachiyaninso. Sipanathe miyezi itatu, ndinapezeka ndikugawanso matimati pamsewu. Mwayi wake amuna anga anali ataphunzira. Sanatenge chingwe, anaitana kabaza. Kuyambira pamenepo tinapangana. Ndikangolephera kugona masiku awiri otsatana, kapena ndikayamba kuyankhula mothamanga osapatsa mnzanga mpata, iwo amandiuza, ndipo ine ndinalonjeza kuti sindidzakana kubwera kuno, ngakhale nditaona ngati akundinamizira. Pangano limeneli tinapanga ndili bwinobwino, chifukwa nthenda ikakwera munthu sudziona. Pezani munthu mmodzi womukhulupirira, mupangane naye lero, mutu uli m'malo.

Kachasu ndinasiya, koma movutika. Njira yanga yopita kumsika inkadutsa pakhomo pa mayi wotcheza uja, ndipo fungo lokha linkandikoka miyendo. Ndinasintha njira, ndinkazungulira kuseri kwa sukulu ngakhale kunali kutali. Mowa ndi mankhwala athuwa sizigwirizana, ndipo tulo ta kachasu ndi tabodza, umadzuka chisoni chitawirikiza.

Pamsika anzanga anandibwereka kadengu kamodzi ka matimati koyambira. Masiku oyamba anthu ankadutsa benchi yanga n'kukagula kwa woyandikana nane. Ndinkamva akunong'onezana kuti, "Ndi wamisala uja." Zinkawawa. Koma ndinkabwerabe m'mawa uliwonse, nditasamba, nditachapa, matimati nditawapukuta bwino. Anthu amatopa ndi kunena. Mmodzi anagula, wina anagula, lero ena mwa iwo ndi amene amandisiyira ana awo akamapita kuchigayo.

Chovuta kwambiri chinali ana. Nditakhazikika, ine ndi amuna anga ndi achimwene tinakwera basi ya ku Ntcheu. Panjira achimwene ankakonzekera nkhondo, mawu onse a chikhalidwe ali okonzeka. Ndinawapempha kuti, "Achimwene, ulendo uja munayankhula ndinu, ine nditamangidwa. Lero mundilole ndiyankhule ndekha."

Tinawapeza apongozi akusenda nyemba. Tadala atandiona anathamanga n'kundikumbatira m'miyendo. Yamikani sanandidziwe. Nditamunyamula anakuwa, akutambasulira manja kwa agogo ake. Limenelo linali lupanga, koma ndinapirira. Nditakhala pansi ndinati, "Amayi, ndabwera ndi mawu awiri. Oyamba ndi zikomo. Ana anga mwawasamala nthawi imene ine sindikanatha. Achiwiri ndi akuti tsiku lija munandifunsa mtundu wanga sindinanene zoona. Ndine Mlomwe. Ndipo ndimadwala nthenda ya maganizo, mankhwala ake ndi awa. Ziwirizi n'zosiyana. Nthendayi imagwira Mlomwe, Mngoni, Myao, aliyense. Ku Zomba ndinagona nawo onse."

Anasiya kusenda nyemba zija. Kenako anati, "Nanga unabisiranji?"

"Ndinkaopa mawu amene munanena pakhonde paja."

Anayang'ana pansi. Apongozi anga si munthu wopepesa wamba. Koma anati, "Mawu aja anali oipa. Ndinaona utamangidwa, maso ali psuu, ndinati adzukulu anga afa. Mantha anandiyankhulitsa." Atapuma anapitiriza kuti, "Koma ana sindingokupatsa lero. Ndipita nawo ndekha, ndikakhale nanu ndione ndi maso anga."

Achimwene anafuna kudzuka, ine ndinawagwira dzanja. Ndinati zili bwino. Anabweradi, anakhala nafe mpaka kukolola. Poyamba ankandilondalonda ngati wakuba. Kenako anayamba kundikumbutsa okha kuti, "Amake Tadala, mwamwa?" Yamikani anazolowera pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina anagwa pabwalo n'kuthamangira kwa ine, osati kwa agogo ake. Apongozi anaona, ndipo sabata yomweyo anamanga katundu wawo. Mpaka lero akaimba foni, funso lawo loyamba ndi la mankhwala. Achimwene nawo amanenabe kuti ng'oma zikanafulumiza zinthu. Timangoseka, sitikangananso.

Chilomwe chija ndinayamba kuchiphunziranso. Pali mayi wina wa ku Phalombe amene amabweretsa nandolo pamsika pathu, ndiye amandiphunzitsa tikakhala opanda makasitomala. Amandiseka kuti ndimayankhula ngati Mngoni, ine osakwiya. Sindichidziwa bwino, mwina sindidzachidziwa ngati agogo. Koma munthu akandifunsa lero mtundu wanga, ndimayankha kamodzi, osayang'ana kumbali. Ndinaona kuti kubisa mtundu ndi kubisa nthenda n'kutopa kofanana. Umakhala ngati wasenza mtsuko wodzaza pakati pa anthu, kuopa kuti wina akugunda.

A Rozina sindinawaonenso. Anatuluka ine ndisanatuluke, ndipo sindinafunse mudzi wawo, poti nthawi imeneyo mutu unali usanakhazikike. Ndafunsafunsa kwa anthu ochokera cha ku Muloza, palibe akuwadziwa. Ngati ali moyo, Mulungu awasunge. Sanali dokotala, sanali m'busa, anali wodwala ngati ine ndi inu. N'chifukwa chake ndikuti musadzione ngati mwatha ntchito. Mnzanu amene mwakhala naye pa benchiyo mwina akudikira liwu lanu.

Inu otiperekeza, ndikudziwa mwatopa. Takutukwanani, takuswerani ziwiya, takuchititsani manyazi pagulu. Zikomo chifukwa simunatitaye. Pempho langa ndi limodzi. Tikamayankhula zosamveka, musathamangire kukangana kuti walodza ndani, kapena nthendayi yachokera ku mtundu wa ndani. Yambani mwafunsa ngati tadya, ngati tamwa madzi, ngati tikuopa chinachake. Kenako bwerani nafe kuno msanga.

Ndimalize ndi ya posachedwapa. Tadala wakula tsopano, anaphunzira zosoka, ndipo wapeza mnyamata wa ku Ndunde. Mwezi wathawu akuchimuna anabwera kudzakambirana za chinkhoswe. Nkhani zili mkati, azakhali a mnyamatayo anakonza kukhosi n'kunena kuti, "Pepani, tisabise. Tamva kuti mayi a mtsikanayu mutu unawasokonekerapo. Tifuna timve ngati zili zoona."

Amuna anga nkhope inagwa, achimwene anayamba kusuntha pampando. Ine ndinali nditatsegula kale pakamwa, koma Tadala anandiyambirira. Mwamwambo samayenera kuyankhula pamenepo. Anagwada bwinobwino n'kunena kuti, "Zoona, azakhali. Amayi anga amadwala, ndipo amamwa mankhwala tsiku lililonse. Ndi omwewa andilera, ndi omwewa andilipirira sukulu ndi matimati. Pa tsiku la chinkhoswe adzakhala kutsogolo, pambali panga. Ngati pali vuto pamenepo, linenedwe lero."

Mnyamata uja, ali chozolika, anati, "Ine anandiuza kalekale. Palibe vuto."

Azakhali aja anayang'ana mwana wanga, anayang'ana ine, kenako anati, "Mwalera, mayi." Tsiku analitchula, ndipo nsalu ya chinkhoswe tagula kale, akusoka yekha mwini wake.

Ndayankhula zambiri, ndipo ndikuona adokotala afika. Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokoza achipatala, ndikuthokoza inu pondimvetsera. Amene ali ndi funso loti sangafunse pagulu andipeze pamzerepo. Ndili kumbuyo kwa bambo a chipewa chofiirawo, nanenso ndadzera mankhwala anga.